Mvula, Msonkho ndi Cholembera: Kumvetsa Mayeso a Ntchito za Boma ku India

Chaka chilichonse anthu pafupifupi miliyoni imodzi ku India amalembetsa kuti alembe mayeso a Civil Services Examination, omwe amayendetsedwa ndi bungwe la Union Public Service Commission, mwachidule UPSC. Pa tsiku la mayeso oyamba amene amafikadi m'chipinda cholembera ndi theka chabe, ndipo pakatha chaka, mndandanda wa okhoza ukatuluka, pamakhala mayina pafupifupi 1,000. Mwa amenewa, osapitirira 200 ndiwo amalowa Indian Administrative Service, IAS, gulu lomwe mumachokera oyendetsa maboma ndi alembi akuluakulu a maunduna. Ena amapita ku upolisi, ku ukazembe, ku nthambi zotolera misonkho ndi kwina.

Munthu akangoona mndandanda wa zofunika kuwerenga amangoti kukamwa yasa. Muli mbiri ya dziko kuyambira mizinda yakale ya m'chigwa cha Indus mpaka ufulu wa 1947, mapiri ndi mitsinje, malamulo oyendetsera dziko, chuma, zachilengedwe, sayansi, ubale ndi mayiko ena, ngakhalenso phunziro la khalidwe loyenera pa ntchito. Ambiri amaona ngati mulu wa zinthu zosagwirizana zongofunika kuloweza. Ine ndimaona mosiyana. Ntchito yomwe mayesowa amasankhira anthu inayambira pa msonkho wa minda, ndipo msonkho wa minda ku India umadalira mvula. Wogwira ulusi umenewu zambiri zimamulowa m'mutu mosavuta. Wousowa amaloweza zaka ndi mayina mpaka kutopa.

Tiyambe ndi komwe ntchitoyi inachokera. East India Company inakhazikitsidwa ku London mu 1600 ngati kampani yogula nsalu ndi zokometsera ndiwo, ndipo antchito ake anali makalaliki olemba za katundu. Zinthu zinatembenuka pomwe Robert Clive, mkulu wa asilikali a kampaniyo, anagonjetsa mfumu ya Bengal, Siraj ud-Daulah, pa nkhondo ya Plassey mu 1757, kampaniyo n'kupambananso ku Buxar mu 1764. Chaka chotsatira, pa pangano la ku Allahabad, mfumu ya a Mughal, Shah Alam II, inapereka kwa kampaniyo mphamvu yotolera msonkho ku Bengal, Bihar ndi Orissa. Amalonda anasanduka boma usiku umodzi, asakudziwa chinenero, minda kapena miyambo ya anthu omwe ankawalipiritsa. Mvula itavuta mu 1769, njala ya mu 1770 inapulula anthu mamiliyoni ku Bengal, koma msonkho unkatoleredwabe mwankhanza. Mu 1772 Warren Hastings, bwanamkubwa wa kampaniyo ku Bengal, anakhazikitsa udindo wa Collector m'boma lililonse, ndipo udindowu ulipo mpaka lero. Munthu yemweyo m'madera ambiri amatchedwanso District Magistrate. Amasunga mabuku a malo, amayang'anira bata, amayendetsa zisankho m'boma lake, ndipo madzi akasefukira foni yoyamba kulira ndi yake. Kwathu kuno wofanana naye ndi DC, ndipo si mwangozi: Harry Johnston atayamba kulamulira British Central Africa mu 1891 anatengera zambiri ku India, kuphatikizapo asilikali achi Sikh, ndipo akuluakulu oyamba a maboma ankatchedwa ma Collector.

Antchito oyambawo anali akatangale otheratu. Malipiro awo anali ochepa koma ankabwerera ku Britain atalemera kotheratu ndi malonda a mseri ndi ziphuphu. Lord Cornwallis, yemwe analamulira kuyambira 1786 mpaka 1793, anawakwezera malipiro n'kuwaletsa malonda a paokha ndi kulandira mphatso. Ndi chifukwa chake mabuku amamutchula ngati tate wa ntchito za boma ku India. Koma Cornwallis yemweyo anatsekera amwenye kunja kwa maudindo onse akuluakulu, ndipo wolemba mayeso wanzeru satchula chimodzi osatchula chinzake.

Kwa zaka zambiri munthu ankalowa ntchitoyi pokhala mwana kapena mphwake wa mmodzi wa akuluakulu a kampani. Osankhidwawo ankaphunzitsidwa ku Haileybury, ku England. Lamulo la Charter Act la 1853 linathetsa kukonderaku, komiti ya Macaulay inakonza ndondomeko mu 1854, ndipo mayeso oyamba opikisana analembedwa ku London mu 1855. Pa pepala, aliyense anali wololedwa. Zoona zake zinali zina: mnyamata wa ku Calcutta ankayenera kukwera sitima ya pamadzi milungu yambiri, kukapikisana pa Chigiriki ndi Chilatini zomwe zinkapatsidwa malikisi ochuluka kuposa Sanskrit ndi Chiarabu, komanso kuchita zonsezi asanapyole zaka zomwe zinaikidwa, zomwe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870 anazitsitsa kufika pa 19. Satyendranath Tagore ndiye m'mwenye woyamba kudutsa pa mpanipani umenewu, mu 1863. Dandaulo lakuti mayeso azilembedwanso ku India linali limodzi mwa madandaulo oyamba a chipani cha Indian National Congress chitangobadwa mu 1885, koma zinatheka mu 1922, ku Allahabad. Subhas Chandra Bose anakhoza pa nambala 4 mu 1920, n'kutula pansi ntchitoyo mu 1921 kuti akamenyere ufulu.

Ufulu utayandikira, ambiri ankafuna gulu la antchito akuluakulu a bomali lithe chifukwa linali mkono wa atsamunda, womwe unkatsekera m'ndende omenyera ufulu. Sardar Vallabhbhai Patel, nduna ya za m'dziko pa nthawiyo, anakana. Dziko linali kugawika pakati kukhala India ndi Pakistan, mafumu oposa 500 anali ndi timayiko tawo tofunika kuphatikizidwa, ndipo iye ankaona kuti popanda antchito omvera boma lapakati koma otumikira m'zigawo, India aphwasuka. Mfundo yake inapambana. Gawo 312 la malamulo oyendetsera dziko limakamba za ntchito zogwira m'dziko lonse, ndipo magawo 315 mpaka 323 amateteza UPSC kuti andale asamailowerere. Tsiku lomwe Patel analankhula kwa ophunzira oyamba ku Metcalfe House mumzinda wa Delhi, 21 Epulo 1947, ndi lomwe limakumbukiridwa chaka ndi chaka ngati tsiku la ogwira ntchito m'boma.

Tsopano mvula, ndipo apa ndichedwapo, chifukwa ndi pomwe mbiri ndi mapu zimakumana. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mvula yonse ya ku India imagwa m'miyezi inayi yokha, Juni mpaka Seputembala. M'miyezi ya Epulo ndi Meyi dziko limapsa, m'madera ena a kumpoto chakumadzulo kutentha kumapitirira madigiri 45. Mpweya wotenthawo umapepuka n'kukwera, ndipo mpweya wa panyanja umathamangira kumtunda kukadzaza malowo. Mpweyawu umachokera kutali, kum'mwera kwa Indian Ocean. Ndi gulu limodzi ndi mphepo ya mwera yomwe imavutitsa asodzi pa Nyanja ya Malawi mu Juni ndi Julayi. Ikamalowera kumpoto imadutsa equator kufupi ndi gombe la East Africa, kuzungulira kwa dziko kumaikhotetsera kumanja, ndipo imafika ku India kuchokera kum'mwera chakumadzulo itasenza chinyezi chochuluka. Lamba wa mitambo yemwe amatipatsa dzinja kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi yemweyo amasamukira kumpoto nthawi yathu yozizira. Mvulayi imayamba kugwa ku Kerala cha pa 1 Juni, ndipo pofika pakati pa Julayi imakhala itakuta dziko lonse.

Ikafika pa nsonga ya India mphepoyi imagawika pawiri. Nthambi ya ku Arabian Sea imagunda mapiri a Western Ghats, omwe anandanda m'mbali mwa gombe la kumadzulo. Pokwera mapiriwo mpweya umazizira n'kukhuthula madzi ake, ngati mmene munthu amafinyira nsalu yonyowa, ndipo ukamatsikira tsidya linalo umakhala utauma. Ndi chifukwa chake Mumbai imalandira mvula yoposa mamilimita 2,000 pa chaka pomwe Pune, yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuseri kwa mapiriwo, silandira ngakhale theka lake. Nthambi ya ku Bay of Bengal imapanikizika m'mapiri a Khasi ku Meghalaya, komwe Mawsynram ndi Cherrapunji amalandira mamilimita oposa 11,000 pa chaka, kenako mapiri a Himalaya amaikhotetsa kuti iyende chokwera chigwa cha Ganga, mvula ikucheperachepera pamene ikulowera kumadzulo. Ku Rajasthan mapiri a Aravalli anagona motsatira njira ya mphepo m'malo moipingasa, choncho mphepo imangodutsa osakakamizidwa kukwera, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe kuli chipululu cha Thar. Gombe la Tamil Nadu limachita zosiyana: mvula yake yambiri imagwa Okutobala mpaka Disembala, mphepo ikamabwerera kuchokera kumpoto chakum'mawa itatola chinyezi pa Bay of Bengal.

Ulimi umatsatira zomwezi. Mbewu za kharif, monga mpunga, thonje, chimanga, mawere ndi nandolo, zimadzalidwa mvula ikayamba n'kukololedwa cha mu Okutobala. Mbewu za rabi, makamaka tirigu, zimadzalidwa nthawi yozizira n'kukololedwa mu Malichi ndi Epulo, ndipo kumpoto zimathandizidwa ndi timvula tochokera kudera la nyanja ya Mediterranean. Mlimi wa nandolo ku Mulanje kapena ku Zomba mwina sadziwa kuti mtengo womwe mavenda amamupatsa umagwedezeka ndi mvula ya ku Maharashtra ndi Karnataka, poti India ndiye msika waukulu wa mbewuyi.

Onani tsono mmene zinthu zimalumikizirana m'nkhani imodzi. Kuseri kwa Western Ghats kuja, m'dera la Deccan, kuli dothi lakuda lotchedwa regur, lochokera ku miyala ya chiphalaphala chomwe chinaphulika kalekale. Dothili limasunga chinyezi nthawi yaitali, choncho thonje limachita bwino ngakhale mvula ndi yochepa. Nkhondo ya pachiweniweni itabuka ku America mu 1861, mafakitale a nsalu a ku Lancashire, ku England, anasowa thonje n'kutembenukira ku Bombay (Mumbai ya lero). Mitengo inakwera, ndipo obwereketsa ndalama ankachita kuwanyengerera alimi kuti atenge ngongole. Nkhondo itatha mu 1865 mitengo inagwa, boma linakweza msonkho wa minda, zokolola zinavuta, alimi n'kutsala m'manja mwa akatapila. Mu 1875 alimi a m'maboma a Poona (Pune ya lero) ndi Ahmednagar anaukira, ndipo chomwe ankafuna kwenikweni sichinali magazi: ankathyola nyumba za obwereketsawo, kutulutsa mabuku ndi zikalata za ngongole, n'kuziotcha pabwalo. Boma linayankha ndi lamulo lopepukitsa ngongole za alimi mu 1879. M'nkhani imodziyi muli miyala, mphepo, malonda a padziko lonse, msonkho ndi lamulo. Woloweza "1875" yokha wangogwira mchira.

Nkhaniyi imamvekanso bwino munthu akadziwa kuti atsamunda sankatolera msonkho mofanana paliponse. Ku Bengal, Cornwallis anakhazikitsa Permanent Settlement mu 1793: eni malo otchedwa zamindar ankalipira ndalama yokhazikika mpaka kalekale, mvula igwe kapena isagwe, ndipo dzuwa likalowa pa tsiku loikika ndalama isanafike, malowo ankagulitsidwa pa okushoni. Zamindar naye ankafinya alimi ake. Ku Madras ndi Bombay kunali dongosolo la ryotwari, lomwe limalumikizidwa ndi dzina la Thomas Munro, momwe mlimi aliyense ankalipira yekha ku boma ndipo msonkho unkaunikidwanso pakapita zaka. Kumpoto kunali mahalwari, momwe mudzi wonse unkayankha pamodzi. Alimi a ku Deccan aja anali pansi pa ryotwari: panalibe zamindar pakati pa iwo ndi boma, choncho tsiku la msonkho likafika wothamangira kwa iye anali wakatapila.

Chitangotha chipwirikiti cha 1875 chija kunabwera chilala choopsa cha 1876 mpaka 1878, chomwe lero tikudziwa kuti chinagwirizana ndi El Niño wamphamvu, yemweyo amene amatiumitsira chimanga kuno monga zinachitikira mu 2015/16 ndi 2023/24. Anthu mamiliyoni anafa. Komiti yofufuza za njala ya 1880 ndi malamulo a njala otsatira anaika pa mapewa a Collector udindo woona zizindikiro za njala ndi kutsegula ntchito zolipira anthu ovutika. Pofunafuna njira yolosera mvula, Gilbert Walker, mkulu wa zanyengo ku India kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anatulukira kusinthana kwa mphamvu ya mpweya pakati pa nyanja za Pacific ndi Indian komwe anakutcha Southern Oscillation. Sayansi yomwe akatswiri azanyengo amatichenjeza nayo pa wailesi masiku ano ili ndi mizu m'njala za ku India.

Nanga mayesowo amayenda bwanji? Kuyambira 1979 ali ndi masitepe atatu. Loyamba, lomwe onse amangoti Prelims, limalembedwa cha mu Meyi kapena Juni: mapepala awiri osankha yankho, lililonse malikisi 200. Pepala loyamba lili ndi mafunso 100 ndipo ndi lomwe limasefa anthu. Lachiwiri, CSAT, limayesa masamu, kuganiza ndi kumvetsa zowerenga, ndipo kuyambira 2015 limangofuna 33 pa 100 iliyonse, ngakhale kuti limagwetsabe ambiri olinyozera. Yankho lolakwika limadula gawo limodzi mwa atatu a malikisi a funsolo. Tiwerengere limodzi: funso la pepala loyamba ndi malikisi 2, mayankho osankhapo ndi anayi. Mukalota mafunso anayi mwachimbulimbuli, mwachidziwikire mukhoza limodzi n'kupeza 2, mulakwa atatu n'kutaya 2, palibe phindu. Koma mukatha kuchotsa mayankho awiri omwe mukudziwa kuti ndi abodza, pa mafunso awiri aliwonse mupeza 2 n'kutaya 0.66 yokha. Apa ndi pomwe kumvetsa kumapambana kuloweza. Munthu wodziwa chifukwa chomwe mitsinje ya Narmada ndi Tapi imalowera kumadzulo pomwe Godavari, Krishna ndi Kaveri imalowera kum'mawa amachotsa mayankho abodza ngakhale pa funso lomwe sanalionepo.

Odutsa apa, omwe amakhala pakati pa 10,000 ndi 15,000, amalemba Mains patapita miyezi itatu kapena inayi, ndipo malikisi a Prelims aja amatayidwa. Mapepala ndi 9. Awiri a zinenero, Chingerezi ndi chimodzi mwa zinenero 22 zolembedwa m'malamulo a dziko, amangofunika kukhoza. Asanu ndi awiri otsalawo ndi malikisi 250 lililonse: chimangirizo, mapepala anayi a General Studies, ndi awiri a phunziro lomwe munthu wasankha yekha. Onse pamodzi 1,750. Pepala la General Studies nthawi zambiri limakhala ndi mafunso 20 m'maola atatu, khumi ofuna mawu 150 ndi khumi ofuna mawu 250. Kutanthauza mawu 4,000 olemba pamanja, mphindi 9 pa funso, m'mawa pepala lina masana lina. Ambiri odziwa zinthu amagwa apa chifukwa choti dzanja silinazolowere. Pomaliza pali kucheza pamasom'pamaso ku Dholpur House mumzinda wa New Delhi, malikisi 275, kufikitsa zonse pa 2,025. Ngakhale wokhoza nambala 1 nthawi zambiri sapitirira kwenikweni theka la malikisiwa.

Wolemba ayenera kukhala ndi digiri ndi zaka 21 mpaka 32, ndipo amaloledwa kuyesa kasanu ndi kamodzi. Magulu omwe ankaponderezedwa ndi dongosolo la caste, losanja anthu m'magulu apamwamba ndi apansi malinga ndi kubadwa, ali ndi mpata wokulirapo: a Other Backward Classes amafika zaka 35 ndi kuyesa ka 9, a Scheduled Castes ndi Scheduled Tribes amafika zaka 37 popanda malire a kuyesa. Malo nawonso amagawidwa: 15 pa 100 kwa Scheduled Castes, 7.5 kwa Scheduled Tribes, 27 kwa Other Backward Classes kutsatira lipoti la komiti ya Mandal lomwe boma la V. P. Singh linalivomereza mu 1990, ndi 10 kwa osauka a magulu ena kuyambira 2019. IAS, upolisi ndi ukazembe ndi za nzika za India zokha. Koma pa nthambi zina, malamulo amalolanso anthu ochokera ku mtundu wa amwenye omwe anasamuka m'mayiko angapo n'cholinga chokakhazikika ku India, ndipo pa mndandanda wa mayikowo pali Malawi ndi Zambia.

Mbali yomwe siikomera mayesowa iyeneranso kunenedwa. Ku Delhi, madera a Old Rajinder Nagar ndi Mukherjee Nagar anasanduka misika ya maphunziro okonzekeretsa, komwe achinyamata amapanikizana m'tizipinda ta lendi yokwera, makolo kumudzi atagulitsa munda kapena kutenga ngongole. Mu Julayi 2024 ophunzira atatu anamira m'chipinda chowerengera cha pansi pa nyumba ku Old Rajinder Nagar madzi a mvula atasefukiramo. Ndipo pa aliyense wokhoza pali mazana omwe ataya zaka zawo zabwino kwambiri, n'kutuluka ali ndi zaka 30 opanda luso la ntchito iliyonse. Olemba m'Chihindi ndi zinenero zina akhala akudandaula kuti mayesowa amakomera ophunzira m'Chingerezi, dandaulo lomwe linafika pa zionetsero mu 2014 pa nkhani ya CSAT. Ine sindikhulupirira kuti kuyesa kasanu ndi kamodzi ndi chifundo; kumangotalikitsa chiyembekezo cha munthu yemwe akanayamba moyo wina msanga. Komabe ndi kovuta kutsutsa kuti, m'dziko lomwe zambiri zimayendera kudziwana, mwana wa mlimi wamba akhoza kulowa pa khomo ili popanda kalata ya wandale.

Okhoza amayamba ndi maphunziro a pamodzi ku Lal Bahadur Shastri National Academy of Administration m'mapiri a Mussoorie. A IAS amatsala komweko, amazungulira dziko, kenako amatumizidwa ku chigawo chomwe mwina sanafikeko n'kale lonse, n'kuphunzira chinenero chake. Mtsikana wa ku Kerala akhoza kupezeka akuweruza milandu ya malire a minda ku Assam. Udindo woyamba ndi woyang'anira kachigawo ka boma, ndipo pakapita zaka zingapo amapatsidwa boma lonse, lomwe nthawi zambiri limakhala ndi anthu oposa miliyoni. Gawo 311 la malamulo limateteza wa IAS kuti asachotsedwe ntchito mwachisawawa, koma silimuteteza ku kusamutsidwa, ndipo chimenechi ndiye chikwapu chomwe andale amagwiritsa ntchito. Ashok Khemka wa ku Haryana, yemwe anatchuka mu 2012 ataimitsa kusinthidwa kwa umwini wa malo ena okhudza anthu amphamvu, anasamutsidwa maulendo oposa 50 asanapume pa ntchito mu 2025.